Sidiki Anyamula Apongozi Ake

Ku gombe la Chiuta, zaka zija boma la Machinga likutchedwabe Kasupe, ukangoti njinga yamoto aliyense ankadziwa kuti ukunena Sidiki, pakuti panalibe inanso yoti n'kusokoneza nayo. Sidikiyo sanali wa kunyanjako. Kwawo kunali ku Phalula, m'mphepete mwa msewu waukulu, ndipo anali atagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni mpaka chaka chimene ulendo wa Wenela unatsekedwa. Anzake anabwerako ndi mawailesi, masuti ndi mabulangete a mizeremizere. Iye anatsika basi ndi bokosi lachitsulo lodzaza masipanala, chifukwa kumgodiko anamuika kokonzera makina ndipo ntchitoyo inamulowa m'magazi. Abale ake anamuseka mpaka kugwetsa misozi, ati munthu kupita ku Joni konse kuja kukangotola zitsulo.

Njingayo anaipeza ku Balaka, kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina amene ankasamukira ku Limbe. Inali itafa kalekale, matayala ataphwa, dzimbiri paliponse. Sidiki anaikankha wapansi mpaka ku Phalula dzuwa lili pamutu, anthu m'njira akumufunsa kuti mtembowo akukauika kuti. Atafika anaimasula yonse, chitsulo ndi chitsulo, n'kuyala zonse pachiguduli mwandondomeko, choyamba kuchotsedwa kumanzere, chomaliza kumanja. Anatsuka chilichonse m'palafini. Pomwe panafunika kachikopa kotsekera mafuta anadula katoni ya sopo, ndipo waya wa kilatchi anaupota yekha kuchokera ku nthambo ya galimoto yakufa. Patatha miyezi iwiri anaponda kiki. Njinga inatsokomola kawiri, kachitatu n'kulira. Agalu a mudzi wonse anathawira kuthengo, ndipo amene ankamuseka aja ndi omwe anayamba kupempha kuti awakwezeko.

Ndinene zoona, mwamunayu akakhala yekha ankayendetsa ngati munthu amene anakhwimira ngozi. Anayamba geni ya nsomba, kukagula makumba ndi milamba yowamba ku Chiuta n'kudzagulitsa ku Balaka ndi ku Phalula. Potsetsereka kuchokera ku Ntaja kulowera ku Liwonde ankaitsegula yonse, dengu la nsomba kumbuyo, misozi ya mphepo ikuyenderera m'makutu, iye akuimba nyimbo za kumgodi zimene palibe ankazimva. Ankati pamalo amenewo munthu umaiwala kuti ndiwe mphawi. Anagwapo kangapo ndithu. Mbuzi ina ya ku Nselema inamusiyira chipsera pachibwano, mchenga wa pamtsinje wina unamuthyola chala, koma akadzuka choyamba kuyang'ana chinali njinga, thupi lake pambuyo.

Akanyamula munthu ndiye ankasanduka wina. Ankayenda ngati wanyamula mazira, ndipo mkazi aliyense asanakwere ankamuimika kaye, kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuuza kuti apinde nsalu, aikhalire, pasatsale kansonga kolendewera. Amayi ankamunena kuti ndi wovuta kuposa namkungwi. Iye ankangoyankha kuti tcheni ilibe chibale.

Ku Chiutako ndi kumene anaona Habiba akutembenuza matemba pathandala, ndipo kuyambira tsiku limenelo nsomba ankagula kwa iye yekha ngakhale zitakhala zosauma. Anakwatirana chaka cha 1977, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko Sidiki anasiya kwawo n'kukamanga nyumba pamudzi pa mkazi wake. Apa ndiye panagona nkhani. Mkamwini ndi mlendo ngakhale atamera imvi pamudzipo. Nyumba imene wamanga ndi manja ake si yake, ana amene wabereka ndi a kuchikazi, ndipo tsiku limene eni mudzi atopa naye amangomusonyeza njira imene anadzera. Mwini mbumba pamudzipo anali Che Usumani, amalume ake a Habiba, nkhalamba youma mtima imene sinamufune Sidiki kuyambira tsiku loyamba. Mkamwini wanji wosagwira khasu, wosadziwa kupalasa bwato, wonunkha petulo mpaka mumzikiti? Kawiri konse anaitanitsa mbumba kuti amuchotse, ndipo kawiri konse amene anakana anali mlongo wawo, Abiti Sufiyani, mayi ake a Habiba. Banja lonse la Sidiki, mkazi, ana ndi khomo, linatsamira pa mayi mmodzi ameneyu.

Komatu awiriwa anali asanalankhulanepo ngakhale liwu limodzi. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sakhala mphasa imodzi, sagwirana chanza. Akakumana panjira ya kudambo, Abiti Sufiyani ankapatukira m'chinangwa n'kufulatira mpaka iye atadutsa, Sidiki naye maso pansi ngati wataya singano. Zonse zinkadzera kwa Habiba. Akangoti mayi akuti denga likudontha, mawa lake Sidiki ali pamwamba ndi udzu, mayiwo atapita dala kumunda. Pansi pa mtengo wa mango pomwe ankagwirira ntchito, m'mawa uliwonse ankapeza patasesedwa, ndipo kanati kalikonse kamene anataya dzulo lake kataikidwa pamwala. Habiba ankaseka n'kumati si ine. Mpunga woyamba kucha m'munda mwa mayiwo unkafika kwa mkamwini mlongo wawo asanaulawe, ndipo zimenezi Che Usumani zinkawapweteka kuposa dzino.

Mwambo wothetsera manyazi amenewa unalipo. Ana akabadwa angapo, mkamwini amapereka nsalu ndi nkhuku, akuluakulu n'kuwakhazika pamodzi kuti azitha kupatsana moni. Koma ankangoti tichita tikakolola, tichita Ramazani ikatha, mpaka zaka khumi kukwana. Panalibe chowafulumizitsa, pakuti ankamvana bwino kuposa anthu ambiri olankhulana tsiku ndi tsiku.

Zaka zikupita njinga zamoto zinachulukako m'bomalo, za alangizi a zaulimi, za a zaumoyo, za abambo a kumishoni, ndipo zikadwala zonse zinkathera pansi pa mango uja. Ena ankazikweza palole kuchokera ku Machinga boma kwenikweniko. Sidiki sankafulumira kugwira sipanala. Ankati ilize kaye, n'kugunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro kukhutu, maso atatsinzina. Pakutha pake ankakuuza kuti pulagi yatopa, kapena kabuleta yadya fumbi, kapena vuto ndiwe mwini wakewe chifukwa oyilo unathira chaka chatha. Akamanga sankasiya bawuti ngakhale imodzi pachiguduli, ndipo makanika wotsala ndi bawuti m'manja ankamutcha wakuba. Khutu limenelo linali chuma chake, ndipo ankalinyadira mopitirira muyeso.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, zipangizo zinasowa m'masitolo, ngakhale ku Limbe komwe. Sidiki sankatha kubweza munthu, choncho anayamba kudya njinga yake yomwe: lero nyale yapita pa ya mlangizi, mawa hutala yapita pa ya a zaumoyo. Tsiku lina kunabwera Chester, tcheyamani wa chipani wa deralo, atafufuma ndi mkwiyo chifukwa tcheni inadetsa ndi girizi nsalu ya chipani ya mkazi wake, chonsecho Loweruka kunali msonkhano. Njinga ya Chester inalibe chilata chophimba tcheni. Masiku amenewo tcheyamani sunkamuuza kuti palibe. Ukanatero, mawa lake achinyamata ali pakhomo kufunsa khadi yako, ya mkazi wako ndi ya mwana wa m'mimba. Sidiki anamasula chilata cha njinga yake n'kumangira pa ya Chester, akumwetulira ngati wakondwa. Anati asula china kuchokera ku mgolo wakale akapeza mpata, koma mpatawo sunapezeke.

M'mwezi wa February chaka cha 1987 Habiba anabereka mwana wachinayi, ndipo anali m'chikuta, wosaloledwa kutuluka mpaka mchombo wa khanda utagwa. Abiti Sufiyani anati mwana wawo amwe msuzi wa mlamba kuti mkaka ubwere. Akutumbula nsombayo munga wake unawalasa pachikhatho cha kumanzere. Anangopsopsona balalo n'kupitiriza ntchito, pakuti munthu wobadwira kunyanja salira ndi munga wa mlamba. Tsiku lachitatu dzanja linatupa ngati dzungu. Tsiku lachinayi kutupa kunafika kukhwapa, thupi likuotcha, mankhwala achikuda atalephera. Mvula inali itadula msewu, malole a nsomba osafika kwa sabata ziwiri, ndipo chipatala chokhala ndi jakisoni chinali kutali, cha ku Ntaja. Pamachila akanayenda tsiku lonse osafika. Anali Che Usumani eni ake, atayang'ana dzanja la mlongo wawo, amene anameza mawu awo onse a zaka khumi n'kunena kuti mkamwini awanyamule.

Chinavuta ndi kakhalidwe kake. Amayi a pamudzipo anati pakhale mayi wina pakati, kuti mkamwini ndi apongozi asakhudzane. Sidiki anasindikiza tayala lakumbuyo ndi chala, tayala la zigamba zosawerengeka, n'kunena kuti anthu atatu m'matope amenewa safika. Ndiye anapinda bulangete n'kulimanga pakati pa chishalo ngati mpanda. Pamene amayi ankawakweza odwalawo, chammbali monga amakhalira akazi, Sidiki anaima potero atafulatira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake munthu anakwera njinga yake iye osamuyang'ana. Anapita pakhomo la chikuta n'kuuza Habiba kuti awauze apinde nsalu bwinobwino. Habiba anafuulira amayi aja, ndipo iwo anaipindadi n'kuwakhalitsa pamwamba pake. Koma zonse zitatha, Abiti Sufiyani anaitanitsa mpango wawo wautali wa mapemphero a Lachisanu n'kudzifunditsa kumutu ndi kumaso, kwina chifukwa cha kuzizidwa, kwina chifukwa cha manyazi okhala kumbuyo kwa mkamwini mudzi wonse ukuona. Anauzunguliza kawiri m'khosi, nsonga n'kuponyera kumbuyo.

Sidiki anakwera maso ali kutsogolo. Atangokhala anaona m'galasi loonera kumbuyo chipumi cha apongozi ake, ndipo mtima unagunda ngati wawasuzumira kubafa. Anagwira galasilo n'kuliweramitsa kuti liyang'ane pansi. Amayi aja anaomba m'manja pang'onopang'ono, ati mwana uyu ulemu wake ngwobadwa nawo.

Anayenda ola lathunthu m'matope, giya yoyamba ndi yachiwiri, mapazi ake akupalasa pansi ngati nkhafi. Mayiwo anagwira chitsulo chakumbuyo ndi dzanja labwino lija, osatsamira ngakhale pabulangete, osanena kanthu. Pa maenje akulu ankangomva kubuula kwawo, kumene ankayesa kukumeza kuti iye asamve. Atadutsa mlatho wina wamitengo msewu unayamba kulimba, dzuwa linatuluka, ndipo Sidiki anawonjezera moto pang'ono, mtima uli kuchipatala.

Kenako anamva. Kanali kaphokoso kakang'ono, koti munthu wina aliyense sakanakamva pamwamba pa kulira kwa injini: phe, phe, phe, nsalu ikukhudza masipoko. Anadziwa pomwepo kuti nsonga ya chovala china yamasuka ndipo ikulendewera pafupi ndi tcheni yosaphimba ija. Akanakhala mkazi wina aliyense padziko lapansi akanaponda buleki n'kumukalipira. Pakamwa anatsegula ndithu, koma awaitane kuti chiyani? Zaka khumi anali asanawatchulepo pamaso. Aime pakati pa thengo awiriwiri, atembenuke, awayang'ane, agwire chovala chili pathupi pawo? Patsogolo, mtunda woti ukaitana munthu amva, panali nyumba, ndipo pakhomo mayi wina ankasinja. Anati akaima pamenepo, apemphe mayiyo awakonze, zonse zichitike mwaulemu. Anachepetsa moto. Panyumbapo sanafike.

Njinga inagwedezeka ngati wina waigwira kumbuyo, gudumu linauma, ndipo onse anagwa. Sidiki anagubuduzika m'matope n'kudzuka atangosupuka bondo. Abiti Sufiyani anali chagada m'mbali mwa msewu, mpango utawakoka khosi, mutu utamenya mwala. Sidiki anasolola mpeni n'kudula mpangowo, ndipo atatero anabwerera m'mbuyo n'kuima manja lende, maso kumbali. Inde, ngakhale pamenepo. Zimamvetsa chisoni kuzinena, koma ndi mmene zinakhalira.

"Bwerani kuno, mwanangu," anatero mayiwo, mawu akutuluka movutikira. "Ndigwireni. Palibe akuona."

Sidiki anagwada n'kuika mutu wawo pamiyendo pake. Magazi ankatuluka kuseri kwa khutu, ofunda, akulowa m'buluku lake. Mayiwo anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali, chipsera cha pachibwano, mphuno, imvi zimene zinali zitayamba m'mbali.

"Kani nkhope yanu ndi yotere," anatero. "Ine ndinkangokudziwani mapazi."

Iye anafuna kunena zambiri, za mpunga, za pansi pa mango, za kaphokoso kaja, koma chimene chinatuluka ndi kulira basi, kulira kwa munthu wamkulu kosawoneka bwino. Mayiwo anamuuza kuti asachoke pamudzi, ana akadali aang'ono. Kenako milomo yawo inayamba kufunafuna mawu a shahada, umboni wa chikhulupiriro cha Chisilamu, ndipo Sidiki anawatsogolera pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Pamene mayi wosinja uja ankafika ndi madzi m'chikho, anali atapita.

Amuna a m'mudzi umenewo anathandiza kunyamula thupi pamachila kubwerera ku Chiuta, ndipo linaikidwa m'mawa mwake. Habiba sanawaone mayi ake, pakuti mchombo wa khanda unali usanagwe. Anangomva jeneza yonyamula malirowo ikudutsa kuseri kwa nyumba, iye ali pamphasa ndi mwana kubere.

Sadaka ya masiku makumi anayi itatha, mbumba inakhala pansi. Sidiki anali atalongedza kale masipanala m'bokosi, podziwa kuti amene ankamutchinjiriza wapita ndipo wapita m'manja mwake. Amayi aja anafotokoza zimene anaona: kuti anafulatira pokweza, kuti anatumiza mawu a nsalu kudzera kwa mkazi wake, kuti anaweramitsa galasi. Che Usumani anamvetsera mutu uli pansi. Kenako ananena kuti amene analamula ulendowo ndi iwo, kuti mwana uyu anasunga ulemu mpaka mapeto, ndipo chimene Mulungu analemba munthu sangachifufute. Anati mkamwini akhale, alere ana ake. Za kaphokoso kaja palibe anafunsa, chifukwa palibe akanaganiza kuti munthu angamve nsalu pamwamba pa injini. Sidiki anathokoza n'kubweza bokosi m'nyumba, koma mtima wake sunatsike.

Njinga anaikankhira kuseri kwa nyumba n'kuifunditsa chiguduli. Anagwira khasu, analowa m'munda wa mpunga wa malemu apongozi ake, ndipo anaupalira ngati akulipira mlandu. Obwera ndi njinga zakufa ankawathandiza mwakachetechete, koma kukwera poziyesa ankasiyira eni ake. Che Usumani anayamba kumuitana kuti adzadye nawo, n'kumauza anthu kumzikiti kuti mkamwini wawo wakhwima nzeru tsopano.

Koma pamudzipo panali munthu mmodzi amene ankalidziwa khutu la Sidiki. Zaka khumi Habiba anamuona ali pamphasa akudya, njinga ikulira kutali kudambo, iye n'kunena kuti uyo ndi mlangizi ndipo bawuti yakumbuyo yamasuka, mlangiziyo n'kufikadi ndi bawuti yomasuka. Sanamukalipire. Sanamumane chakudya kapena madzi osamba. Anangochepa mawu, ndipo injini ikalira pansi pa mango ankabereka mwana n'kupita kugombe mpaka italeka. Sidiki ankaona zonsezi n'kumadziuza kuti ndi chisoni cha maliro, chidzatha. Miyezi inayi inadutsa chotero, nyumba ili zii ngati mulibe ana.

Tsiku lina m'mwezi wa June ankapuntha mpunga kumunda awiriwiri, dzuwa lili paliwombo, khanda litagona pamthunzi. Habiba anaika ndodo pansi.

"Bambo a Sofia, ndikufunseni kanthu kamodzi. Mpango uja munaumva?"

Sidiki anamenyanso mpunga kawiri, katatu. Bodza linali pafupi kwambiri, ndipo mboni panalibe. Akanangoti iyayi, akanakalamba pamudzipo, akanaona ana ake akuvinidwa ndi kukwatiwa. Koma iye anali asanamunamizepo mkaziyu, ndipo maso amene ankamuyang'anawo anali ofanana ndi aja anamuyang'ana m'mbali mwa msewu.

"Ndinaumva."

"Nthawi yoima inalipo?"

"Inalipo."

Habiba anakhala pansi pa mapesi n'kuyang'ana manja ake. Atalankhula, analankhula motsitsa, ngati akuopa kudzutsa mwana.

"Mayi ankakukondani kuposa ife obereka. Mukanawakalipira, mukanawakoka ngakhale mwendo, bwenzi lero akukusekani ali pakhonde. Sindikuthamangitsani ayi. Amalume akuti mukhale, mayi anati mukhale. Koma ine ndikakuonani m'mawa ndimaona mayi ali m'matope, ndipo sindikudziwa kuti zidzatha liti."

Anatola ndodo n'kupitiriza kupuntha, misozi ikugwera mumpunga. Sidiki nayenso anatola yake, ndipo anamaliza mulu wonsewo.

Anakhala mpaka mpunga wonse utalowa m'nkhokwe. Anafolera nyumba ndi udzu watsopano, anakonza chitseko, anadula nkhuni zokwana miyezi. Tsiku lililonse ankayang'ana nkhope ya mkazi wake kuti mwina aona kusintha, koma ankangoona munthu amene akuyesetsa ndi mphamvu zake zonse kuti asamude, ndipo zimenezo zinali zowawa kuposa kutukwanidwa. Lolemba lina anakweza njinga ndi bokosi palole ya nsomba. Che Usumani anabwera ndi ndodo yawo kudzamuletsa, nkhalamba yomwe ija inkamuthamangitsa, koma iye anangoti akukaona abale. Sofia, mwana wake woyamba, anamufunsa kuti abwera liti, ndipo anamuyankha kuti mayi ake akamuitana. Habiba anaima pakhomo ndi khanda kumsana, ndipo sananene kuti pitani, sananenenso kuti khalani.

Ku Phalula anamanga kachisakasa m'mbali mwa msewu, pakati pa ogulitsa makala ndi ogulitsa masawu, n'kumakonza njinga za odutsa. Dzanja linali lomwe lija, khutu lomwe lija, koma panjinga sanakwerenso, ndipo yake ija anaimasula pang'onopang'ono kupatsa ena mpaka inatsala mafupa okhaokha. Pa Idi iliyonse ankatumiza nsalu ndi sopo ku Chiuta kudzera kwa a geni ya nsomba, ndipo iwo pobwera ankamubweretsera kathumba ka mpunga kopanda uthenga. Sofia anabwera kawiri pabasi atasinkhuka. Ulendo uliwonse bambo ake ankamufunsa za sukulu, za azing'ono ake, za nyanja ngati yaphwa, ndipo pomperekeza pamsewu ndi pamene ankafunsa ngati mayi ake anenapo kanthu. Sofia ankati akupereka moni. Amene ankadziwa za pamudzipo amati Habiba anamangapo katundu kawiri, ulendo wina anafika mpaka pa Nselema, n'kukhala pansi pa mtengo kuyembekeza basi. Basi itafika anaiyang'ana ikunyamuka, n'kubwerera kunyanja.

Sidiki anamwalira chaka cha referendamu, m'nyengo yozizira, ndi chifuwa chimene anachitenga kumgodi. Anthu anali kalikiliki ndi za nyali ndi tambala, ndipo uthenga unafika ku Chiuta patatha masiku atatu, ataikidwa kale. Amayi a pamudzipo anamuuza Habiba kuti asadzivute ndi eda, kudzitsekera kwa mkazi wamasiye kuja, pakuti munthu amene mwasiyana naye zaka zisanu ndi chimodzi salinso mwamuna wako. Habiba anawafunsa ngati pali wina amene anamva talaka yothetsa ukwati ikutuluka pakamwa pa bambo a Sofia. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Habiba anavula ndolo ndi mikanda n'kupatsa Sofia, analowa m'nyumba, ndipo anakhalamo miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka.